KODI NAMWINO ATUMIKIRA NTHENDA KAPENA MUNTHU?

Pa boma la Mwanza pali chipatala chachikulu cha boma, ndipo kumidzi kuli zipatala zazing'ono monga cha ku Thambani, cha ku Kunenekude ndi cha ku Tulonkhondo. Munthu aliyense wa m'dziko la mafumu Kanduku ndi Nthache amene adagonapo m'chipatala, kapena amene adadwazikapo mbale wake, adziwa bwino kuti dokotala aonana ndi wodwala kanthawi kochepa, koma namwino akhala naye usana ndi usiku. Namwino ndiye apereka mankhwala pa nthawi yake, ndiye atsuka chilonda, ndiye alandira mwana pobadwa, ndiyenso kawirikawiri atseka maso a munthu womwalira. Tsono nkoyenera kuti akhristu afunse kuti ntchito imeneyi cholinga chake nchiyani, ndipo ikhudzana bwanji ndi chikhulupiriro. Funsoli nlolemera, pakuti yankho lake ndilo lilamula ngati mlendo wodwala alandiridwa kapena abwezedwa pakhomo, ndiponso ngati munthu wosachiritsika asamalidwa kufikira tsiku lake lomaliza kapena angosiyidwa pa bedi la kungodya.

Mayankho awiri osakwanira

Alipo ena amene ati unamwino ndi ntchito ya malipiro monga ntchito ina iliyonse. Mau amenewa ali ndi zoona zake. Namwino ali ndi ana ofuna chakudya ndi sukulu, ndipo Eklezia iphunzitsa kuti kumana wantchito malipiro oyenera ndi tchimo lalikulu. Papa Leo XIII adalemba zimenezi momveka m'chaka cha 1891. Koma malipiro aperekedwa powerenga masiku ndi maola. Palibe kalaliki angathe kulemba m'buku ngati namwino adabaya jakisoni mofatsa kapena mwaukali, ngati pakati pa usiku adadzuka atamva kubuula kapena adangotembenukira kukhoma. Zinthu zimene wodwala azisowa koposa ndi zomwezo zimene mwini ntchito sangathe kuziona. Chifukwa chake malipiro okha sangakhale cholinga cha ntchitoyi.

Ena ati cholinga cha namwino ndi kuchiritsa nthenda. Yankho ili liposa loyamba lija, komabe liperewera. Nthenda ya Edzi idadziwika koyamba m'Malawi m'chaka cha 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala m'chaka cha 2004. Pa zaka zonse za pakatipo anamwino adali kusamala anthu ochuluka amene iwo adali kudziwa kuti sachira. Adali kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda za pamsana, kuwamwetsa phala ndi kuwachotsera zonyansa. Kukadakhala kuti cholinga ndi kuchiritsa kokha, bwenzi ntchito ya zaka zonsezo ili yachabe. Koma palibe mwana wamasiye kapena mai wamasiye amene adaona wake akusamalidwa motero angavomere kuti idali yachabe.

Yankho lokwanira nlakuti namwino atumikira munthu amene akudwalayo. Nthenda ayenera kuidziwa ndi kulimbana nayo, pakuti ndi mdani wa munthuyo. Koma nthenda ikapambana, munthu uja akadalipo, ndipo ntchito ya namwino siinathe.

Nzeru za makolo ndi chiphunzitso cha Eklezia

Makolo a dziko lino adali kudziwa kale mbali ina ya zimenezi. M'chinenero chao muli mau akuti kudwazika, ndiye kuti kukhala pafupi ndi wodwala ndi kusenza naye nthendayo. Wodwazika saona tulo, aleka munda wake, asonkha moto usiku, aphika kaphala kosalala. Mpaka lero mwambowu ulipo, pakuti pa chipatala chilichonse pali anthu odikirira odwala, amene agona pansi ndi kuphikira abale ao pa mafuwa. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mwambiwu udali kukumbutsa mudzi wonse kuti wamoyo lero ndiye wodwala wa mawa.

Koma kudwazika kwa makolo kudali kutsata chibale. Munthu adali kudwazika mai wake, mwana wa mlongo wake kapena mnansi wa m'mudzi mwake. Namwino aitanidwa kuchitira munthu amene sadamuonepo zomwe mwana achitira kholo lake. Apa ndipo chikhulupiriro chionetsa maziko ozama: munthu aliyense adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo Mwana wa Mulungu adatenga thupi lenileni, lomva njala ndi ululu. Thupi la wodwala, ngakhale litawonda kapena litanunkha, ndi lolemekezeka chifukwa cha zimenezi. Ambuye Yesu sadali kuchiritsa anthu ali patali nthawi zonse. Adakhudza wakhate, adagwira dzanja la mpongozi wa Petulo, adayala manja pa maso a akhungu.

M'fanizo la Msamariya wachifundo, pa Luka mutu 10, muli zinthu zimene owerenga ambiri sazilabadira. Msamariya uja adagwiritsa ntchito mafuta ndi vinyo, amene adali mankhwala a zilonda a nthawi imeneyo. Ndiye kuti adali ndi luso. Adanyamula wovulalayo ndi manja ake. Adalipira mwini nyumba ya alendo kuti apitirize kumsamala, ndipo adalonjeza kuti adzabweranso. Tsono mwini nyumba ya alendo uja adalandira ndalama, ndipo Ambuye sadamdzudzule. Fanizoli lionetsa kuti luso, chifundo, malipiro ndi kupirira zingathe kukhalira pamodzi m'ntchito imodzi.

Mbiri ya ntchitoyi

Kuyambira kale Eklezia idaona kusamala odwala ngati mbali ya utumiki wake. Cha m'ma 370 Basil Woyera, Episkopi wa ku Caesarea, adamanga nyumba zosamaliramo odwala, osauka ndi akhate kunja kwa mzinda wake. Camillus de Lellis, amene adabadwa m'chaka cha 1550 namwalira m'chaka cha 1614, adali msilikali wokonda juga, wokhala ndi chilonda chosapola pamwendo. Atagona m'chipatala ku Roma adaona momwe antchito olembedwa adali kunyozera odwala, ndipo adayambitsa chipani cha amuna olumbira kuti adzatumikira odwala ngakhale pa nthawi ya mliri. M'chaka cha 1930 Papa Pius XI adamtchula iyeyo pamodzi ndi John of God kuti akhale nkhoswe za anamwino. Florence Nightingale, amene sadali Mkatolika, adapita ku nkhondo ya ku Crimea m'chaka cha 1854, ndipo pakati pa omthandiza padali Asisiteri Achikatolika. M'chaka cha 1860 iye adatsegula sukulu ya anamwino ku London, nakhazikitsa kuti unamwino ndi ntchito yofunika maphunziro, ukhondo ndi mwambo.

Kuno kwao kwa owerenga, Ansembe a Montfort adafika ku Nzama m'chaka cha 1901, natsegula mishoni ya Nguludi m'chaka cha 1903 ndi ya Neno m'chaka cha 1906, m'dera limene lidali mbali ya boma la Mwanza kufikira chaka cha 2003. Asisiteri a Daughters of Wisdom adafika m'chaka cha 1904. Pa mishoni zambiri kanyumba ka mankhwala kadali kumangidwa pafupi ndi tchalitchi ndi sukulu. Ku Utale ndi ku Mua kudali malo osamalirako akhate pa nthawi imene anthu ambiri adali kuwathawa. M'chaka cha 1966 zipatala za mipingo zidapanga bungwe limodzi, limene lero litchedwa Christian Health Association of Malawi, ndipo sukulu zake monga ya ku Nguludi ndi ya ku Phalombe zaphunzitsa anamwino ndi azamba ambiri amene atumikira m'zipatala za mishoni ndi za boma zomwe.

Mlendo wa kutsidya kwa malire

Boma la Mwanza lili ndi mayeso ake apadera pa nkhani imeneyi, chifukwa lili pa malire. Kuchokera ku boma kufika ku Zobue, m'chigawo cha Tete, ndi ulendo waufupi, ndipo anthu a ku Mozambique abwera kudzafuna thandizo m'zipatala za kuno. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya m'dziko lao, makamaka kuyambira m'chaka cha 1986, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira m'Malawi, ndipo ambiri adakhala m'dera lino kufikira mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992. Kumapeto kwa chaka cha 2015 ndi kumayambiriro kwa 2016 anthu oposa 10,000 adathawiranso m'mudzi wa Kapise, m'nyengo ya mvula, nagona m'misasa yothithikana, malungo ali ponseponse, kufikira atayamba kusamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno.

Pa nthawi zotere amveka mau akuti: mankhwala ngochepa, mabedi ngochepa, nanga bwanji alendo adye za eni dziko? Dandaulo limeneli si loyenera kulinyoza, pakuti mai amene wauzidwa kuti mankhwala a mwana wake atha ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma payenera kusiyanitsa maudindo. Kuwerengera kuchuluka kwa anthu, kugula mankhwala okwanira ndi kukambirana ndi boma la dziko linalo ndi ntchito ya olamula, ndipo anthu ali ndi ufulu wowakumbutsa. Namwino amene waima pa bedi ali ndi muyeso umodzi wokha, ndiwo kukula kwa nthenda. Mwana wokomoka ndi malungo ayamba kuthandizidwa, ngakhale mai wake atachokera kutsidya, ndipo munthu wa chimfine adikira, ngakhale atakhala mwana wa mfumu.

Palinso zifukwa zina ziwiri zimene munthu wanzeru angazione. Choyamba, malire amenewa adalembedwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi pa pangano lao la chaka cha 1891, nagawa pakati mabanja a chinenero chimodzi ndi manda amodzi. Wotchedwa mlendo kawirikawiri ndi msuweni. Chachiwiri, nthenda siima pa chipata kuti ionetse chiphaso. Kolera kapena chikuku chosachizidwa kutsidya mawa chili pa msika wa kuno. Motero chikondi ndi nzeru zigwirizana: kuthandiza mlendo ndi kutchinjiriza mudzi.

Chikondi chifunika luso

Pali cholakwa china chimene anthu opemphera angagwemo, ndicho kuganiza kuti mtima wabwino ukwanira. Mliri wa kolera umene udayamba m'mwezi wa March 2022 nupitirira m'chaka cha 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Kolera ipha chifukwa thupi litaya madzi ndi mchere mofulumira, kotero kuti munthu wamphamvu angathe kufa m'maola owerengeka. Thandizo lake lalikulu ndi kubwezera madziwo: kumwetsa wodwala madzi a Thanzi pang'onopang'ono osalekeza, kapena kumuika diripi ngati wafooka kwambiri, ndi kutsuka zonse ndi madzi a kolorini. Pafupifupi yonseyo ndi ntchito ya manja a namwino. Kupeza mtsempha pa mkono wa munthu wouma thupi kufuna maphunziro ndi chizolowezi. Namwino wopemphera kwambiri koma wosasamba m'manja ndiye atenga nthenda pa bedi ili kuipereka pa bedi linalo. Chifukwa chake kwa namwino wachikhristu kuphunzira bwino, kuwerenga mlingo wa mankhwala mosamala ndi kufika pa ntchito nthawi yake ndi mbali ya kumvera Mulungu.

Pa chifukwa chomwecho akhristu ayenera kuchenjera ndi alaliki amene auza odwala kuti ataye mankhwala ao, ati poonetsa chikhulupiriro. Eklezia siiphunzitsa zotero. Nzeru za mankhwala ndi mphatso ya Mlengi, ndipo munthu woleka mankhwala otalikitsa moyo, kapena a chifuwa chachikulu, aika moyo wake ndi wa banja lake pa ngozi. Sakramenti la Kudzoza Odwala lipereka chaulere cha Mulungu, mtendere ndi chikhululukiro cha machimo, nthawi zina ngakhale kuchira kwa thupi, koma sililetsa jakisoni.

Nanga chikhulupiriro chionjezera chiyani?

Wina angafunse kuti: alipo anamwino Achisilamu, a mipingo ina, ngakhale osapemphera konse, amene asamala odwala koposa Akatolika ena; nanga chikhulupiriro chithandiza chiyani? Funsoli nlabwino, ndipo Eklezia ilivomera mokondwa. Mulungu adaika lamulo la chifundo mumtima mwa munthu aliyense. Pa Mateyo mutu 25, anthu amene Mfumu iwayamika pa tsiku la chiweruzo chifukwa chocheza ndi odwala adabwa, pakuti sadali kudziwa kuti adali kutumikira Iyeyo. Ntchito yachifundo ilandiridwa ndi Mulungu ngakhale woichitayo sadziwa dzina la Mwini wake.

Komabe chikhulupiriro chipatsa namwino zinthu zimene asowa pa tsiku loipa. Chifundo cha chibadwidwe chitha kuzirala. Chizirala pamene wodwala ndi woledzera wotukwana, pamene ndi mbala yomenyedwa ndi anthu, pamene achibale aloza namwino chala pa imfa imene iye sakadatha kuiletsa. Pamenepo mkhristu ali ndi chifukwa chosadalira ubwino wa wodwalayo, pakuti akhulupirira kuti m'munthu ameneyu, ngakhale wosayamika, Khristu akudikira thandizo. Chikhulupiriro chimchotseranso katundu wodziyesa mwini moyo: iye achita zonse zimene angathe, zotsalazo azisiya m'manja mwa Mulungu, ndipo mawa abweranso ku ntchito osataya mtima. Chimlimbitsanso kuti asathawe munthu amene ali kufa, chifukwa kwa iye imfa ndi khomo, ndipo kuperekeza munthu kufika pa khomolo ndi ntchito yaulemu.

Pa za odwala osachiritsika, Eklezia ili ndi chiphunzitso chomveka. Kupha wodwala dala, ngakhale pomumvera chisoni, nkoletsedwa. Koma kuchepetsa ululu nkololedwa ndiponso nkwabwino. Papa Pius XII m'chaka cha 1957 adayankha madokotala kuti mankhwala amphamvu oletsa ululu angathe kuperekedwa kwa munthu amene ali pafupi kufa, ngakhale pali mantha akuti angafupikitse masiku ake, malinga cholinga chikhale kuletsa ululuwo. Motero mkhristu wodwala khansa asaope kulandira morphine, ndipo achibale asamuuze kuti kubuula ndiko kusenza mtanda.

Chikhulupiriro chiikanso malire. Bedi la wodwala si malo okokerapo munthu ku mpingo, pakuti munthu wofooka angavomere chilichonse chifukwa cha mantha. Msonkhano wa Vatican Wachiwiri m'chaka cha 1965 udaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe pa za chipembedzo. Namwino wachikatolika aitanira Mkatolika wansembe, aitanira Msilamu shehe wake, aitanira wa mpingo wina mbusa wake. Ngati mwana wakhanda wa makolo achikatolika ali pafupi kufa ndipo wansembe kulibe, mzamba angathe kumbatiza ndi madzi m'dzina la Utatu Woyera, nadziwitse parishi pambuyo pake. Chinsinsi cha wodwala achisunga ndithu, osachiulula kumsika, kunyumba kapena kumphakati.

Pamene namwino alakwa, ndi pamene alakwiridwa

Si chinsinsi kuti pali madandaulo m'dziko lino a amai okalipiridwa pa nthawi yobereka, a odwala odikira pamene achibale a antchito alowera kukhomo la kuseri, a mankhwala a boma opezeka pa msika. Maepiskopi Achikatolika a m'Malawi, m'kalata yao imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, adadandaula za kuthithikana m'zipatala, kuchepa kwa antchito ndi tsankho pothandiza odwala. Kugulitsa mankhwala a boma ndi kuba, ndipo wakubayo abera munthu wosauka koposa onse, amene sangathe kugula kwina. Wochita zotere ayenera kulapa ndi kubweza.

Koma akhristu ayenera kuonanso mbali inayo. Namwino mmodzi kapena awiri oyang'anira chipinda chodzaza usiku wonse, mankhwala atatha, galimoto ya odwala itapita kale ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndi munthu amene wasenzetsedwa denga yekha. Mau akuti unamwino ndi maitanidwe asasanduke chifukwa chomlipira mochedwa kapena chomgwiritsa ntchito osapuma. Amene afuna chifundo kwa namwino ayenera kumfunira chilungamo.

Udindo wa akhristu eni ake

Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ali ndi gawo lalikulu pa ntchitoyi. Aphunzitse anthu kupita ndi wodwala kuchipatala msanga, asadafooke, ndiponso kuti amai oyembekezera azikachirira kuchipatala. Aitane wansembe wodwala akadali ndi nzeru zake, kuti alape ndi kulandira Ukaristia akudziwa chimene akuchita, osadikira kuti aleke kulankhula. Miphakati ikumbukire odikirira odwala amene ufa ndi nkhuni zawathera, makamaka ochokera kutali amene alibe mbale pa boma. Odwala amene atulutsidwa m'chipatala kuti akasamalidwe kumudzi asasiyidwe m'manja mwa mai mmodzi wokalamba. Makolo alimbikitse ana ao, anyamata ndi atsikana omwe, amene ali ndi nzeru ndi mtima wofatsa, kuti alowe ntchito imeneyi. Ndipo pa 11 February, tsiku la Maria Virigo wa ku Lourdes, limene Papa John Paul II m'chaka cha 1992 adaliika kuti likhale tsiku la odwala, maparishi apempherere anamwino ao ndi kuwathokoza pamaso pa anthu.

Tsiku lina munthu aliyense wa m'boma la Mwanza, mfumu ndi mlimi wa manachesi, wansembe ndi namwino yemwe, adzagona pa mphasa kapena pa bedi osatha kudzitungira madzi akumwa. Pa tsiku limenelo adzasamalidwa monga momwe mudzi wake ndi mpingo wake zidazolowera kusamalira ena. Mulungu apatse anamwino a dziko lino luso, chilungamo ndi kupirira, ndipo apatse akhristu mtima wowathandiza.